Mbiri ya makina ochekera matabwa a Sutter's Mill ndi eni ake

Sutter's Mill ndi dzina la makina ochekera matabwa omwe adamangidwa m'zaka za 1847 ndi 1848 pamalo otchedwa Coloma, m'mbali mwa nthambi ya kummwera ya mtsinje wa American River, m'chigawo cha California m'dziko la America. Makinawa adali a anthu awiri, a John Augustus Sutter omwe adapereka chuma ndi antchito, ndi a James Wilson Marshall omwe adali mmisiri womanga komanso woyang'anira ntchito yonse.

Ngakhale makinawa adacheka matabwa kwa zaka zosakwana zitatu, dzina lake lidakali lodziwika chifukwa ndi pamalowa pomwe padapezeka golide pa 24 Januwale 1848, zomwe zidachititsa kuti anthu pafupifupi 300,000 akhamukire ku California pofika chaka cha 1855. Eni ake onse awiri sadapindule ndi golideyo, ndipo adamwalira akupemphabe thandizo ku boma.

A John Sutter ndi dera la New Helvetia

A Sutter adabadwa mu Febuluwale 1803 m'tauni ya Kandern, m'dera la Baden lomwe lero lili m'dziko la Germany, koma bambo awo adali a ku Switzerland. Atakula adatsegula sitolo m'tauni ya Burgdorf, koma malonda sadayende ndipo ngongole zidawachulukira. M'chaka cha 1834 adathawa m'dzikomo, kusiya mkazi wawo ndi ana asanu, n'kupita ku New York. Kuchoka kumeneko adachita malonda ku Missouri ndi ku Santa Fe, kenaka adadzera ku Oregon, ku Hawaii ndi ku Sitka mpaka adafika ku California mu Julayi 1839.

Pa nthawiyo California adali mbali ya dziko la Mexico. Bwanamkubwa wa chigawochi, a Juan Bautista Alvarado, adalola a Sutter kukhazikika kumtunda, pafupi ndi pomwe mitsinje ya Sacramento ndi American River imakumana. M'chaka cha 1840 a Sutter adakhala nzika ya Mexico, ndipo chaka chotsatira boma lidawapatsa malo okwana maekala pafupifupi 48,000. Malowa adawatcha New Helvetia pokumbukira dziko la makolo awo, ndipo adamangapo linga lomwe limadziwika kuti Sutter's Fort.

Kumapeto kwa 1841 a Sutter adagula katundu ndi ziweto za pa Fort Ross kuchokera ku kampani ya Russian-American Company pa mtengo wa madola 30,000. Adagula pangongole, ndipo ngongoleyi idawavutitsa kwa zaka zambiri. M'chaka cha 1845 bwanamkubwa wina, a Manuel Micheltorena, adawalonjeza malo ena aakulu kuwirikiza kawiri malo oyambawo, omwe ankatchedwa Sobrante.

Ntchito zambiri za ku New Helvetia, monga ulimi wa tirigu, kuweta ng'ombe ndi kuumba njerwa, zinkagwiridwa ndi eni nthaka a mitundu ya Nisenan ndi Miwok. Ena ankalipidwa nsalu ndi katundu wina wa m'sitolo, koma ambiri ankawagwiritsa ntchito mowakakamiza. A Sutter adali ndi gulu lawo la nkhondo lomwe linkathira nkhondo midzi yokana kupereka antchito, ndipo anthu ena ogwidwa, kuphatikizapo ana, ankawatumiza kwa azungu anzawo.

A James Marshall

A Marshall adabadwa pa 8 Okutobala 1810 m'chigawo cha New Jersey. Adaphunzira ukalipentala ndi kupanga magudumu a ngolo kuchokera kwa bambo awo. Atayesa ulimi ku Missouri, komwe adavutika ndi malungo, adasamukira ku Oregon ndipo adafika ku Sutter's Fort mu Julayi 1845. A Sutter adawalemba ntchito ya ukalipentala, ndipo posakhalitsa a Marshall adapeza malo awoawo ndi ng'ombe.

Nkhondo ya pakati pa America ndi Mexico itabuka m'chaka cha 1846, a Marshall adalowa gulu la asilikali lotsogozedwa ndi a John C. Frémont. Pobwerera m'chaka cha 1847 adapeza kuti ng'ombe zawo zonse zasowa, ndipo malo awo adawataya. Ichi ndicho chidawabwezera kwa a Sutter.

Mgwirizano wa 1847

Dera la New Helvetia linkakula koma lidalibe matabwa okwanira. M'chigwa cha Sacramento mudalibe mitengo yabwino yocheka, pomwe a Sutter ankafuna matabwa omangira nyumba, mipanda komanso chigayo chachikulu cha tirigu chomwe adayamba kumanga pafupi ndi linga lawo. Mitengo ya paini yoongoka idali kumapiri a Sierra Nevada.

A Marshall adatumidwa kukafuna malo, ndipo adasankha chigwa chomwe anthu a mtundu wa Nisenan ankachitcha Cullumah, dzina lomwe azungu adalisandutsa Coloma. Malowa ali pa mtunda wa makilomita oposa 60 kuchokera ku linga. Adawasankha chifukwa padali mitengo yambiri, madzi othamanga chaka chonse, komanso ngolo zikadatha kufikapo.

Pa 27 Ogasiti 1847 awiriwa adasainirana mgwirizano. A Sutter adavomera kupereka zipangizo, chakudya ndi malipiro a antchito, pomwe a Marshall adavomera kumanga makinawo ndi kuwayendetsa, ndipo onse awiri azigawana zotuluka pa ntchitoyo. Chinthu chimodzi chomwe mgwirizanowu sudakonze ndi umwini wa nthaka. Coloma adali kunja kwa malire a malo omwe boma la Mexico lidapatsa a Sutter, kotero kuti makinawo adamangidwa pamalo omwe eni ake adalibe chikalata chilichonse.

Kamangidwe ndi kagwiridwe ntchito ka makinawa

Ntchito yomanga idayamba mu Sepitembala 1847. Ena mwa antchito adali asilikali opuma a gulu la Mormon Battalion, monga a Henry Bigler, a Azariah Smith ndi a James S. Brown. Padalinso a Peter Wimmer omwe ankayang'anira antchito a mtundu wa Nisenan okumba ngalande, pamodzi ndi akazi awo, mayi Jennie Wimmer, omwe ankaphikira gulu lonse.

Makinawa ankayendera mphamvu ya madzi. Amisiri adamanga damu laling'ono la mitengo, tchire ndi miyala lomwe linkapatutsa madzi a mumtsinje kulowa m'ngalande. Madziwo ankatsikira pansi pa nyumba ya makina ndi kukankha gudumu. Gudumulo likamazungulira linkakweza ndi kutsitsa sowo yaitali yoimirira yomwe idamangiriridwa m'felemu ya matabwa, pomwe chipika chinkakankhidwa pang'onopang'ono kupita kusowoko. Madzi akamaliza ntchito yake ankatuluka kudzera m'ngalande ina yomwe inkawabwezera mumtsinje chakumunsi.

Poyesa makinawo mu Januwale 1848, zidaoneka kuti ngalande yotulutsira madzi ndi yosaya, moti madzi ankadikha pansi pa gudumu n'kulilepheretsa kuzungulira bwino. A Marshall adalamula kuti masana antchito azikumba ndi kuchotsa miyala ikuluikulu, ndipo usiku azitsegula madzi kuti akokolole mchenga ndi dothi. M'mawa uliwonse iwo ankatseka madzi ndi kuyendera ngalandeyo kuti aone momwe yakuyira.

Kupezeka kwa golide

M'mawa wa pa 24 Januwale 1848, akuyendera ngalandeyo, a Marshall adaona timiyala tonyezimira pansi pa madzi. Atatiphwanya ndi mwala tidaphwatalala m'malo mosweka, chomwe ndi chimodzi mwa zizindikiro za golide. Mayi Wimmer adawiritsa kamwala kena mumphika womwe ankapangira sopo, ndipo kadatuluka kosasintha mtundu. Tsikuli limadziwika bwino chifukwa a Bigler adalilemba m'buku lawo la zochitika tsiku ndi tsiku.

Patapita masiku anayi a Marshall adapita ku linga kukaonana ndi a Sutter. Awiriwa adadzitsekera m'chipinda, nayesa timiyalato ndi asidi komanso sikelo potsatira zomwe adawerenga m'buku. Atatsimikiza kuti ndi golide, adagwirizana zosunga chinsinsi, ndipo adapempha antchito kuti asaulule mpaka makina atatha. A Sutter ankaopa kuti mbiri ikamveka antchito awo onse athawa.

Nkhani ya umwini wa malo

Golideyu adapezeka pa nthawi yomwe ulamuliro wa California unkasintha. Asilikali a America ndi omwe ankayendetsa chigawochi, ndipo pa 2 Febuluwale 1848, patangodutsa masiku asanu ndi anayi chipezekere golide, mayiko a America ndi Mexico adasainirana pangano la Guadalupe Hidalgo lomwe lidapereka California m'manja mwa America. Omwe ankasaina panganoli sankadziwa zomwe zidachitika ku Coloma.

Pofuna kuteteza malowo, a Sutter ndi a Marshall adachita pangano ndi atsogoleri a Nisenan loti abwereke chigwacho posinthana ndi zovala ndi katundu wina. Adatuma a Charles Bennett kupita ndi chikalatacho ku Monterey kuti bwanamkubwa wachisilikali, a Richard B. Mason, akachivomereze. A Mason adakana, ponena kuti boma la America silivomereza kuti eni nthaka ali ndi ufulu wogulitsa kapena kubwereketsa malo kwa munthu wamba. Chigamulochi chidasiya eni makina opanda chodzitetezera pamaso pa lamulo, ndipo chidasonyezanso kuti a Nisenan sadzawerengedwa ngati eni malo omwe adakhalapo kuyambira kalekale.

Chinsinsi sichidakhalitse. Nyuzipepala ya The Californian ya ku San Francisco idalemba za golideyu pa 15 Malichi 1848, ngakhale anthu ambiri sadakhulupirire. Mu Meyi, mkulu wina wamalonda, a Samuel Brannan, omwe adali ndi sitolo pafupi ndi linga la a Sutter, adayenda m'misewu ya San Francisco akuonetsa botolo la golide, ndipo m'masabata ochepa amuna ambiri adasiya ntchito zawo kulowera kumapiri. A Mason adayendera migodiyo mu Julayi ndi kutumiza lipoti ku Washington, ndipo pa 5 Disembala 1848 mtsogoleri wa dziko la America, a James K. Polk, adatsimikizira nyumba ya malamulo kuti nkhaniyi ndi yoona. Chaka chotsatira anthu adafika kuchokera kummawa kwa America, ku Ulaya, ku Chile, ku Mexico, ku Australia ndi ku China.

Eni atsopano ndi kutha kwa makina

Makinawa adayamba kucheka matabwa mu Malichi 1848, koma antchito odziwa ntchito adachoka, ena kukakumba golide, ena kupita ku Utah komwe kudali anzawo a mpingo wa Mormon. Chakumapeto kwa chaka chomwecho a Sutter adagulitsa gawo lawo kwa a John Winters ndi a Alden Bayley. A Marshall nawo adagulitsako mbali ina ya gawo lawo kwa anthu omwewa, ndipo atatuwa adapitiriza ntchitoyo limodzi.

M'chaka cha 1849 matabwa adali pa mtengo wokwera kwambiri chifukwa aliyense ankafuna kumanga sitolo, nyumba kapena zipangizo zotsukira golide. Komabe kuyendetsa makinawo kudali kovuta. Antchito ankafuna malipiro ofanana ndi zomwe akadapeza kumigodi, mitengo yapafupi inkatha, ndipo okumba golide ankalowa pamalopo mwachisawawa n'kumatenga ziweto ndi katundu. Eni akewo adalowanso m'milandu ndi m'mikangano ya kayendetsedwe ka ndalama.

Mu Epulo 1849 gulu la okumba golide ochokera ku Oregon lidathira nkhondo mudzi wina wa a Nisenan powaganizira kuti adapha anzawo, ndipo anthu ena omwe adawagwira adakawaphera ku Coloma. A Marshall adayesa kuteteza a Nisenan omwe ankagwira ntchito pa makinawo, koma gululo lidawaopseza mpaka adathawa m'tauniyo kwa kanthawi.

Pofika m'chaka cha 1850 makinawa adaleka kugwira ntchito. Anthu adayamba kuzula matabwa a nyumbayo kukamangira zina, ndipo zotsala zidakokoloka ndi madzi osefukira m'zaka zotsatira. Tauni ya Coloma idakhala likulu la boma la El Dorado kuyambira 1850, koma golide atachepa likululo lidasamukira ku Placerville m'chaka cha 1857.

Mapeto a a Sutter

Zomwe a Sutter ankaopa zidachitikadi. Antchito awo adathawa, tirigu adaonongekera m'munda, chigayo chija sichidathe, ndipo ziweto zambiri zidabedwa. Pothawa angongole, m'chaka cha 1848 adalembetsa katundu wawo m'dzina la mwana wawo, a John Sutter Jr., omwe adali atangofika kumene kuchokera ku Switzerland. Mwanayu ndi amene adadula mapuloti omwe adasanduka mzinda wa Sacramento, nawagulitsa kuti abweze ngongole za bambo ake. A Sutter adasamukira ku famu yawo ya Hock Farm m'mbali mwa mtsinje wa Feather, komwe akazi awo ndi ana ena adawapeza m'chaka cha 1850.

California atakhala chigawo chodziyimira pachokha cha dziko la America pa 9 Sepitembala 1850, nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo la 1851 loti aliyense yemwe adalandira malo kuchokera ku boma la Spain kapena la Mexico apereke umboni ku bungwe lapadera. Milandu yotere inkatenga zaka zambiri ndipo inkadya ndalama zochuluka, pomwe anthu olowerera anali atakhazikika kale pamalowo. Bwalo lalikulu la milandu la dziko la America lidavomereza malo a New Helvetia, koma lidakana malo a Sobrante. Popeza a Sutter adali atagulitsa kale malo ambiri podalira chikalata chokanidwacho, chigamulochi chidawasiya ndi ngongole zina.

Kuyambira m'chaka cha 1864 boma la California lidawapatsa madola 250 pamwezi kwa zaka zingapo. Mu 1865 nyumba yawo ya ku Hock Farm idatenthedwa, ndipo iwo adachoka ku California. Adakhazikika m'tauni ya Lititz ku Pennsylvania, ndipo chaka ndi chaka ankapita ku Washington kukapempha chipukutamisozi. Mu Juni 1880 nyumba ya malamulo idatseka zokambirana zake isadavomereze bilu yowapatsa madola 50,000. A Sutter adamwalira patapita masiku awiri, pa 18 Juni 1880, m'hotela ina mumzinda wa Washington.

Mapeto a a Marshall

A Marshall adayesa kukumba golide m'madera osiyanasiyana koma sadaphule kanthu. Anthu ena ankawalondola kulikonse pokhulupirira kuti iwo ali ndi luso lodziwa pomwe pali golide, ndipo akalephera kuwasonyeza ankawaopseza. Cha m'ma 1857 adabwerera ku Coloma ndi kuyamba ulimi wa mphesa, womwe udayenda bwino kwa zaka zingapo mpaka misonkho ndi mpikisano zidawagwetsa.

M'chaka cha 1872 nyumba ya malamulo ya California idavomereza kuti azilandira madola 200 pamwezi. Ndalamazi zidachepetsedwa pambuyo pake, ndipo zidalekeka mu 1878. A Marshall adakhala zaka zawo zomaliza m'kamudzi ka Kelsey, pafupi ndi Coloma, akugwira ntchito ya usipala ndi ukalipentala. Adamwalira ali osauka pa 10 Ogasiti 1885. Adaikidwa pa phiri loyang'anizana ndi mtsinje ku Coloma, ndipo m'chaka cha 1890 boma lidaimika chipilala pamanda awo, chomwe pamwamba pake pali chiboliboli chawo chikuloza komwe adapeza golide.

Zomwe zidagwera eni nthaka

Omwe adataya zambiri kuposa onse ndi eni nthaka a ku California. Akatswiri a mbiri yakale amati chiwerengero chawo chidatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 150,000 golide asadapezeke kufika pa anthu pafupifupi 30,000 cha m'ma 1870, chifukwa cha kuphedwa, matenda, njala ndi kulandidwa malo. Lamulo lomwe boma la California lidakhazikitsa m'chaka cha 1850 lidapereka mpata woti eni nthaka, kuphatikizapo ana, azigwiritsidwa ntchito mokakamizidwa. Mapangano 18 omwe nthumwi za boma zidasainirana ndi mitundu yosiyanasiyana m'zaka za 1851 ndi 1852 adakanidwa ndi nyumba ya Senate.

Mu Juni 2019 bwanamkubwa wa California, a Gavin Newsom, adapepesa m'malo mwa boma ndipo adavomereza kuti zomwe zidachitikazo kudali kufuna kutheratu mtundu wa anthu. Mu Juni 2020 chiboliboli cha a Sutter chomwe chidali panja pa chipatala china mumzinda wa Sacramento chidachotsedwa anthu atadandaula za momwe mkuluyu ankachitira nkhanza eni nthaka.

Malowa atapita m'manja mwa boma

M'kupita kwa nthawi, nthaka yomwe padali makinawa idakhala ya banja la a Monroe, zidzukulu za mayi Nancy Gooch, omwe adafika ku California ali kapolo n'kupeza ufulu m'chaka cha 1850. Banjali lidagula malo ku Coloma pang'onopang'ono ndi ndalama za ulimi wa zipatso, ndipo ndi kwa iwo komwe boma la California lidapeza malowa m'zaka za m'ma 1940.

M'chaka cha 1924 madzi a mumtsinje adaphwa kwambiri moti zotsalira za maziko a makinawa zidaonekera, ndipo pamalopo padamangidwa chipilala cha miyala. Mu 1942 boma lidakhazikitsa malo osungirako mbiri omwe lero amatchedwa Marshall Gold Discovery State Historic Park. Akatswiri ofukula zakale adakumba pamalowa m'chaka cha 1947 ndipo adapeza mitengo ina yosemedwa ndi nkhwangwa yomwe idali mbali ya nyumba yoyambayo. Mitengoyi idasungidwa kuti alendo aziiona.

Makina ofanizira oyambawo adamangidwa m'zaka za m'ma 1960 potsatira zojambula za a Marshall ndi chithunzi chomwe chidajambulidwa cha m'ma 1850. Atakalamba, m'malo mwake mudamangidwa ena omwe adatha mu 2014, pafupi ndi pomwe padali makina enieniwo. Kachidutswa ka golide komwe amati ndi koyamba kutoledwa ndi a Marshall kamasungidwa ndi bungwe la Smithsonian Institution mumzinda wa Washington.